Mafuta a Buluu M'mimba mwa Volovolo

Mfuti inafika Lachinayi m'mawa ili m'thumba lomata. Wapolisi anaiika pa tebulo la Lennah Mwenda, nakhala pampando wa pakhomo kuti aone zonse ndi maso ake.

Lennah anali injiniya pa kampani ina ya mu Dubai yoitanitsa mfuti za masewera. Ntchito yake inali kuweruza nkhani za walanti, lonjezo lija loti katundu akaonongeka yekha, kampani imukonza kapena kumusintha ulere. Mfutiyo inali volovolo, ya m'manja, yokhala ndi gudumu loikamo zipolopolo. Kampani inaigulitsa ili yatsopano ku kalabu ina yowombera chandamale, cha kuchipululu. Kumayambiriro kwa sabata inapulumuka m'manja mwa mtsikana wophunzira kuwombera, inagwa pansi, n'kulira yokha. Chipolopolo chinamenya simenti, chibenthu chake n'kumung'amba katumba.

Volovolo yabwino siilira ikagwa. Apolisi ankafuna yankho pofika Lolemba: kodi vuto ndi la kufakitale, kapena pali dzanja la munthu?

Lennah anapemphera chamumtima monga ankachitira asanagwire ntchito iliyonse, kenaka anavala magolovesi. Anaunika mumpope wa mfutiyo ndi tochi, munali mowala bwino, mopanda mwaye. Mabowo a gudumu anali ouma, monga kuyenera, chifukwa mafuta akakhala m'menemo amaitana fumbi, ndipo fumbi la kuno silichedwa kuyankha. Pokhotera gudumu panali kadontho kamodzi ka mafuta a bulauni a kufakitale. Amene ankasamalira mfutiyi ankaidziwa ntchito yake: bulashi, kansalu, dontho limodzi, basi.

Koma atatembenuza mfutiyo, anaona china. Kumbali kwa volovolo kuli chivindikiro chomangidwa ndi timasikuluwu, ndipo m'kati mwake ndi mwa fakitale yokha. Wotsegula pamenepo waswa pangano, walanti yatha. Mitu ya timasikuluwuto inali yolumika, ngati inatsegulidwa ndi chida chosayenera.

Anatsegula pang'onopang'ono wapolisi akuyang'ana. Sipuling'i yaikulu inali itapalidwa kuti ifewe. Ndipo kachitsulo kena kunalibe, kaja kamene kamatchinga kanyundo kuti kasamenye chipolopolo mfuti ikagwa. Lennah ankakatcha kamlonda. Anapisa kathonje m'kati, ndipo katatuluka kanali ndi mtundu wa buluu. Ananunkhiza. Fungo lake linali lopepuka, ngati palafini wosakaniza ndi mankhwala otsukira m'kamwa. Analidziwa fungolo, koma sanakumbuke kumene analimva.

Wapolisi anafunsa m'Chingerezi ngati mfutiyo inatsegulidwapo. Lennah anavomera. Wapolisi anati ndiye nkhani yatha, chifukwa makiyi a chipinda cha mfuti amasunga munthu mmodzi, ndipo pasipoti yake ili kale m'manja mwawo. Lolemba akangolandira lipoti amutsekera, ndipo akadzatuluka ndi ulendo wa kwawo.

“Dzina lake Taibu,” anatero wapolisiyo. “Ndi wa dziko lanu lomwelo.”

*

Mkulu wa kalabu anali Khalid, bambo wa thupi lodzaza, woyankhula mothamanga ngati galimoto ikumudikira panja. Anayenda ndi Lennah mpaka pa windo la chitsulo pomwe alangizi amalandirira mfuti. Anati Taibu amamukonda ngati mng'ono wake, koma chilungamo chilibe m'bale. Makiyi amakhala ndi Taibu, mfuti amatsuka ndi Taibu. Za makamera anati zithunzi zimafufutika pakatha mwezi, pomwe volovoloyo inabwera kale Ramadani isanayambe, ndipo palibe akudziwa tsiku limene inatsegulidwa.

Lennah anafunsa ngati Taibu amachokapo pa windopo.

“Taibu? Ngakhale Lachisanu!” anatero Khalid. “Ine ndimakapemphera kutauni, ndimabwera mochedwa, koma palibe kasitomala anadandaulapo kuti wapeza windo lotseka. Mwina amapempherera pakona, sindikudziwa. Khalas, basi, mayi, lembani zimene mwaona.”

Anapempha kuona mafuta amene amagwiritsa ntchito. Pa benchi panali mabulashi ndi tinsalu topindidwa bwino, koma botolo panalibe. Khalid anakweza mapewa.

Akutuluka anamva mawu a kwawo kumbuyo kwake. Anali Yakobe, mlangizi wa owombera, mwamuna wamtali wa nkhope yosekerera. Ankapemphera mpingo umodzi ndi Lennah, ndipo mu kwaya ndiye ankaimba lipenga. Anamupatsa moni wa manja awiri, namufunsa ngati abwera ku pulakatisi Loweruka. Za Taibu anati zamukhudza kwambiri, sakugona nazo tulo. Pa tsiku la ngozi iye ndiye anali pambali pa mtsikanayo, ndipo ndiye anamumanga mwendo ndi malaya ake.

“Tizimupempherera, achemwali,” anatero, maso ali ku nsapato zake.

Lennah anavomera kuti pemphero ndi lofunika. Ali m'galimoto anakhala kanthawi osaliza injini. Kunama sakanatha: mfuti inatsegulidwadi, ndipo walanti inatha. Mulungu amene amanyansidwa ndi sikelo yonyenga sakanamulola kulemba zina. Koma Mulungu yemweyo amamva kulira kwa mlendo m'dziko la eni. Dzanja limene linasiya dontho limodzi loyera kunja silikanathira chithaphwi cha buluu m'kati. Anatsimikiza mtima kuti Lolemba lisanafike alipeza dzanja lachiwirilo.

*

Taibu ankakhala ku Karama, m'chipinda cha mabedi osanjikizana pamwamba pa sitolo yogulitsa mafoni. Anzake anali ku ntchito. Anamulandira Lennah pa masitepe, chifukwa sikukanakhala bwino kulowetsa mayi m'chipinda cha amuna okhaokha, natsika naye ku kantini ya pansi komwe anaitanitsa tiyi wa mkaka. Anali bambo wochepa thupi, wa ndevu zoyamba imvi, wa kwa Jalasi ku Mangochi. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu alionse akuyamba wawayeza.

Lennah anamupempha kuti afotokoze m'mene amatsukira volovolo. Nkhope ya Taibu inatsitsimuka pang'ono. Anati amayamba watsimikiza kawiri kuti mulibe chipolopolo. Kenaka bulashi mumpope, kansalu konyowa ndi mankhwala, kansalu kouma mpaka katuluke koyera. Bowo lililonse la gudumu chimodzimodzi. Pansi pa kanyenyezi kotulutsa makatiriji, zikhokho za zipolopolo, amapukuta mpaka pauma, chifukwa kanjere kamodzi ka wonga kakakhala pamenepo gudumu silitseka. Mafuta ndi dontho pokhotera gudumu, ndi lina m'mbali mwa kanyundo.

“Nanga chivindikiro?”

“Mayi, tsiku limene mfutizi zinabwera, munthu wa ku kampani kwanu anatiuza kuti pamenepo ndi haramu, poletsedwa. Ine chinthu akati haramu sindifunsa kawiri.”

Lennah anafunsa za botolo limene sanalipeze pa benchi. Taibu anapisa m'thumba la mkanjo wake nalitulutsa, kabotolo ka kufakitale, mafuta ake a bulauni ngati uchi. Anati alangizi ali ndi dzanja lolemera, akalipeza amathira ngati akukazinga mandasi, ndiye iye amayenda nalo paliponse. Ngakhale kumzikiti limakhala m'thumba.

“Kumzikiti mumapita liti, bambo Taibu?”

“Lachisanu lililonse. Chibwerereni m'dziko muno sindinaphonyepo Juma, alhamdulillah.”

Atangotero anazindikira chimene wanena. Anaika kapu pansi.

Lennah anamuuza mofatsa kuti Khalid akuti windo silitsekedwa Lachisanu. Munthu sangakhale kumzikiti ndi pa windo nthawi imodzi. Ndiye makiyi amatsala ndi yani?

Taibu anayang'ana kumsewu, komwe anthu ankadutsa ndi matumba a zogula. Anati kupatsa munthu wina makiyi a mfuti ndi mlandu, zimenezo akudziwa, ndipo mlanduwo ndi wake. Koma pali munthu amene wakhala akumuchitira chifundo kuti asasemphane ndi Mulungu wake, ndipo iye amamubwezera chifundocho pa tsiku lina. Munthu wotero sungamupereke kwa apolisi chifukwa chongoganiza.

“Muli ndi ana kumudzi,” anatero Lennah. “Lolemba akutsekerani.”

“Ndikudziwa, mayi. Koma sindinamuone akutsegula. Ndikamutchula, ndiye kuti ndachitira umboni chinthu chimene maso anga sanaone.”

Lennah anatulutsa kathonje kaja m'kabotolo kagalasi namuonetsa. Taibu ananunkhiza, napukusa mutu. Anati mafuta amenewo si a mfuti, ndipo m'kalabu monse mulibe otero.

“Tsiku lina limene mumamubwezera chifundo, ndi liti?”

Taibu anabweza kabotolo kake m'thumba. Anaimirira nakalipira tiyi.

*

Mtsikana wovulalayo anali Nicole, wa ku Lusaka, wogwira ntchito m'ndege. Lachisanu masana Lennah anamupeza m'nyumba yake ku Al Rigga, mwendo uli pa pilo, akudya mphesa ndi kuonera kanema. Anali wansangala ngakhale pa ululu, ndipo pakamwa pake sipankauma.

Anati anayamba kuwombera chifukwa chotopa ndi kuzungulira m'mashopu masiku opuma. Tsiku loyamba anachita manyazi kwambiri. Mfuti inali yatsopano, yolimba, chala chake chinalephera kukhethemula. Anakoka mpaka dzanja kunjenjemera, anyamata a pambali akuseka.

“Manje nabwelela sabata inayo, ba Lennah, mfuti imozi-mozi, yafewa monga buledi. Nagwila chabe, phaa! Ninakuwa na chimwemwe.”

Lennah anafunsa ngati ali wotsimikiza kuti inali mfuti yomweyo. Nicole anati inde, chifukwa mlangizi wake ankaisankha yekha nthawi zonse, ndipo anamuuza kuti waikambirira mfutiyo kuti izimumvera. Anaseka, kenaka anagwira mwendo. Anati mwamunayo ndi wabwino mtima mopitirira, amamutumizira mavesi m'mawa uliwonse, ndipo chichitikireni ngozi wabwera kale katatu ndi zipatso. Mphesa zimenezi ndi zake. Koma akafika sakhala pansi, amangoima pakhomo n'kumayang'ana bandeji ngati akufuna kulira.

“Nimuuza ati, iwe Yakobe, siwe unaniwombela, nkhala pansi. Koma samvela.”

Lennah anatsika masitepe natuluka panja. Dzuwa la masana linali ngati ng'anjo, ndipo m'misewu anthu ankabwerera kuchokera ku mizikiti, mikeka yopempherera ili pamapewa. Pa ola ngati limeneli ndiye kuti windo la kalabu linkakhala m'manja mwa munthu amene sapita ku Juma. Ndipo Lamulungu m'mawa, pamene kalabu imadzaza ndi makasitomala, Yakobe sanajombepo kutchalitchi. Lennah anali asanadzifunsepo kuti amamugwirira ntchito ndani.

Komabe zonsezi zinali zongolumikiza. Taibu ananena zoona: munthu sumupereka chifukwa choganiza. Panafunika chinthu chogwirika ndi manja.

*

Kwaya inkakumana Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe, m'kachipinda kobwereka kuseri kwa tchalitchi, momwe mipingo ya mitundu yambiri imasinthana maola. Kuchipinda choyandikana nacho Afilipino ankayeserera nyimbo zawo. Lennah anafika msanga nakhala pa mpando wake wa alito, kutsogolo kwa oimba zida.

Yakobe analowa ndi bokosi lake lakuda, napereka moni kwa onse. Anakhala kumbuyo kwa Lennah monga mwa masiku onse. Lennah anamva bokosi likutseguka, kenaka kulira kwa timabatani titatu ta lipenga akutimasula. Asanatembenuke n'komwe, fungo linamupeza: palafini wopepuka ndi mankhwala otsukira m'kamwa. Kwa zaka wakhala akulimva kumbuyo kwa khutu lake sabata iliyonse, pa mphindi imene amatsegula buku la nyimbo, n'chifukwa chake mphuno inalidziwa koma mutu unakana kuliika pafupi ndi mfuti.

Anatembenuka. M'dzanja la Yakobe munali kabotolo ka pulasitiki, mafuta ake a buluu ngati thambo la m'mawa.

Anaimba nyimbo yoyamba mpaka kumapeto. Inali ya Mbusa wofunafuna yotayika, ndipo Lennah anaiimba ndi mtima wonse, chifukwa ankadziwa kuti akatha apita kukachita zomwezo. Lipenga linalowa mochedwa pa ndime yachiwiri, ndipo pa yachitatu linangoti zii. Pa nthawi yopuma Lennah anamuuza Yakobe kuti atenge bokosi lake amuperekeze panja.

Anaima pamthunzi wa khoma, pafupi ndi makina oziziritsa mpweya amene ankalira mosalekeza. Lennah anatulutsa kabotolo kagalasi, nakaika pafupi ndi ka pulasitiki kamene Yakobe anali akadagwira. Mitundu inali umodzi.

“Achimwene, aka ndakachotsa m'mimba mwa volovolo.”

Yakobe anayamba kunena kuti mafuta a buluu ndi ambiri pa dziko. Lennah anavomera, nati akhoza kutumiza timabotolo tonse tiwiri kwa oyeza a polisi, ndipo adzanena okha. Koma iye sanabwere ndi apolisi. Anamuuza zimene ankadziwa: kuti Lachisanu Taibu amamusiyira makiyi, kuti botolo la mafuta a mfuti limapita kumzikiti m'thumba, ndiye munthu amene anatsegula chivindikiro anapeza benchi youma, nagwiritsa ntchito mafuta amene anali nawo m'chikwama.

Yakobe anatsamira khoma. Mawu atatuluka anali aang'ono. Anati anaonera pa foni m'mene ochita mipikisano amafewetsera mfuti, ndipo zinkaoneka zophweka. Ankangofuna kuti Nicole asasekedwenso. Anatsegula ndi sikuludalaiva ya pa makiyi ake, napala sipuling'i. Pobwezera, kachitsulo kamodzi kanakana kukhala m'malo mwake, chivindikiro sichinkatseka, ndipo nthawi ya Juma inali kutha. Anakachotsa, natseka, nayesa mfuti, ndipo inkagwira bwino lomwe. Anaganiza kuti ndi kachitsulo kopanda ntchito.

“Kali kuti?”

Anagwada, natsegula bokosi la lipenga. Pansi pa kansalu kopukutira, m'kathumba ka zotsekera pakamwa pa lipenga, anatulutsa kachitsulo kopyapyala, kotalika ngati chala cha mwana. Anati wayesa kangapo kukataya mu bini, koma dzanja limakana.

Anakatambasulira kwa Lennah. Lennah anabweza manja kumbuyo.

“Ayi. Ndikakatenga ine, ndiye kuti ndakugwirani. Mukakapereka nokha, ndiye kuti mwabwera. Kusiyana kwake apolisi amakuona, ndipo Kumwamba amakuonanso.”

Yakobe anati amuthamangitsa m'dziko, mwina ayamba wamutsekera. Mayi ake ku Ntcheu amadalira iye. Anafunsa ngati sizingatheke kulemba kuti kachitsuloko kanaiwalika kufakitale, kuti pasapezeke wolakwa aliyense.

Lennah anamuyang'ana ndi chisoni chenicheni, chifukwa ankamukonda ngati mlongo wake. Anati timasikuluwu tolumika taonedwa kale ndi wapolisi, ndipo ngakhale tikanapanda kuonedwa, iye sangaike bodza pa fakitale kuti agule mtendere. Lipoti lake linena kuti mfuti inatsegulidwa, walanti yatha, ndipo m'kati muli mafuta a lipenga. Zimenezo zipita Lolemba, kaya Yakobe abwera kaya sabwera.

“Dzana lija ndinali ndi bambo Taibu,” anapitiriza. “Ndinawapanikiza kuti atchule amene amatsala ndi makiyi. Akudziwa kuti Lolemba alowa m'chitolokosi. Anakana. Akuti munthu amene amawathandiza kupita kwa Mulungu wawo sangamupereke.”

Yakobe anaphimba nkhope ndi dzanja. M'kati kwaya inali itayambanso, opanda alito mmodzi ndi lipenga. Anakhala choncho mpaka ndime inatha. Kenaka anatseka bokosi, naika kachitsulo kaja m'thumba la malaya, pamtima.

“Mundiperekeza, achemwali?”

“Galimoto ili apo. Ndikhala nanu mpaka atatha kulemba, ndipo ndikanena kuti mwabwera nokha, ndi kuti munamanga bala ndi malaya anu.”

*

Pasipoti ya Taibu inabwezedwa Lachitatu. Khalid anamukalipira kwambiri za makiyi, namuchotsa pa windo kwa kanthawi, koma ntchito sanamulande. Anati kuyambira tsopano Lachisanu masana windo lizitsekedwa, makasitomala adikire, munthu apemphere ndi mtima umodzi. Yakobe anali m'manja mwa apolisi kudikira khoti, ndipo Nicole anali atauza kale loya kuti iye sakufuna kumuonjezera mlandu.

Lennah anapita yekha ku kalabu kukapereka volovolo ina ya mtundu womwewo, imene kalabu inagula m'malo mwa yoonongekayo. Khalid anaitana Taibu kuti ailandire. Taibu anaitsegula, nayang'ana kawiri m'gudumu, napukuta girizi wa kufakitale ndi kansalu mpaka kanatuluka koyera. Anatulutsa kabotolo kake m'thumba, nadontheza dontho limodzi pokhotera gudumu. Chala chake chinadutsa pa chivindikiro osakhudza timasikuluwu.

Sanathokoze ndi mawu ambiri. Anangofunsa ngati kumene kuli Yakobe amalola alendo, ndi tsiku lake. Lennah anati amalola Loweruka, ndipo iye apita ndi anthu awiri a kwaya.

“Mundisungire malo m'galimoto, mayi,” anatero Taibu, akupinda kansalu. “Munthu uja wandisungira windo Lachisanu lililonse. Sindingalephere kukamuimira pa lake la kuchitolokosi.”